Theka la Ola Pambuyo Pogonja

 Andipempha kuti ndikambe za mipikisano ya chess ndi za ana aluso amene akutumphuka masiku ano. Ndakhala ndikupikisana zaka zoposa 20, ndipo m'zaka zimenezo ndaphunzira zambiri pa magemu amene ndinagonja kuposa amene ndinapambana. Choncho mundilole ndiyambe ndi tsiku limene mnyamata wina anagonja.

Munali mu Ogasiti 2022, ku Mamallapuram, kufupi ndi mzinda wa Chennai ku India. Kumeneko kunkachitika Olympiad, mpikisano umene matimu a mayiko amakumana, anthu anayi mbali iliyonse. Pa bolodi yoyamba ya timu yachiwiri ya India panali Dommaraju Gukesh, wa zaka 16. Mwanayu anapambana magemu 8 oyambirira motsatizana. Mmodzi mwa amene anagwa m'manja mwake anali Fabiano Caruana wa ku America, munthu amene mu 2018 analimbirana ndi Magnus Carlsen ukatswiri wa dziko lonse. Aliyense wotsatira chess sabata imeneyo ankangokamba za Gukesh.

Pa raundi ya 10, itatsala imodzi kuti mpikisano uthe, timu yake inakumana ndi Uzbekistan, ndipo Gukesh anakhala moyang'anizana ndi Nodirbek Abdusattorov, mnzake wa zaka 17. Gukesh anamupanikiza mpaka oonera anati gemu yatha basi. Koma Abdusattorov anakakamira ngati nkhupakupa. Maola anapita, mwayi uja unayamba kupulumuka pang'onopang'ono, ndipo panafika poti kungolepherana kukanakwanira kuti timu ya India ipambane tsikulo. Gukesh ankafunabe kupambana. Nthawi ili pafupi kumuthera pa wotchi, anaika hatchi pamalo pomwe kwini ya mnzake inatha kuopseza mfumu ndi hatchiyo nthawi imodzi. Anagwira kumaso, osafunanso kuyang'ana bolodi. Golide anapita ku Uzbekistan, timu ya Gukesh inathera pa nambala 3.

Inu amene munatayapo gemu imene munali mutaigwira kale m'manja mukudziwa zimene zimachitika m'thupi. Makutu amatentha. Nsima siilowa. Usiku ukati utseke maso, bolodi ija imabwera, hatchi ili pomwe paja. Tsopano taganizani kuti sunadzigwetse wekha, wagwetsa anzako atatu, kwanu komwe, makamera ali pa iwe, uli ndi zaka 16. Ndipo m'mawa mwake uyenera kukhalanso pabolodi. Gukesh anakhala, nasewera raundi yomaliza, nalepherana ndi mnzake, natenga golide wa wosewera bwino koposa pa bolodi yoyamba ndi mapointi 9 pa 11.

Mu Epulo 2024 ku Toronto, pa mpikisano wa Candidates umene umasankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, zinamuchitikiranso. Raundi ya 7, gemu ili bwinobwino, nthawi inamuchepera ndipo Alireza Firouzja anamugonjetsa. Pa magemu 7 otsalawo sanagonjenso, ndipo anapambana mpikisanowo ali ndi zaka 17. Kumapeto kwa chaka chomwecho ku Singapore, gemu yoyamba yeniyeni ya kulimbirana ukatswiri wa dziko lonse, Ding Liren wa ku China anamugonjetsa, Gukesh atagwira zoyera. Anabweza pa gemu ya 3. Anatsogola pa gemu ya 11, koma m'mawa mwake Ding anamuswa pa gemu ya 12, mwa njira yoti wina akanataya mtima.

Ndiime pang'ono pa gemu ya 14, yomaliza, ya pa 12 Disembala 2024, chifukwa muli phunziro limene ngakhale mwana wa sitandade 5 muno akhoza kulimva. Pabolodi panatsala zochepa: aliyense ruku ndi bishopu, Gukesh ali ndi poni imodzi yoposa. Akatswiri onse ankati apa alepherana, nkhani ikathera ku magemu othamanga mawa. Gukesh anangopitiriza kusewera, osadziika pangozi, kumangomufunsa mnzake mafunso ang'onoang'ono. Pa kusuntha kwa 55, Ding anapereka ruku yake kuti asinthane, ataiwala kuti bishopu wake wakhala pakona pomwe sangathawe kusinthana. Maruku anachoka, mabishopu anachoka, kunatsala mafumu ndi maponi. Ndipo lamulo la pamenepo ndi lomwe lija aphunzitsi anu amakuuzani inu mukuyasamula: mafumu awiri akayang'anizana, amene yamugwera nthawi yosuntha ndiye amapatuka. Ding anatambasula dzanja. Gukesh anakhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 18, mapointi 7.5 kwa 6.5. Garry Kasparov anafika pamenepo mu 1985 ali ndi zaka 22. Mnyamatayo analira, koma akulira choncho anayamba wabwezera zidutswa zonse m'malo mwake pabolodi asananyamuke.

Onani bwino. Mtima wosafuna kulepherana umene unamugwetsa ku Mamallapuram ndi womwewo umene unamupatsa ufumu ku Singapore. Sanautaye. Anangophunzira kusiyanitsa pamene ungakakamire popanda kuwotcha nyumba yako ndi pamene kukakamirako kuli kutchova juga. Zimenezi palibe buku limene lingakuikire m'mutu. Umaziphunzira utagonja, utabwerera ku gemu yowawayo, n'kuiyang'ana mpaka itakuuza pomwe unalakwa.

Makolo ena muno simunalowepo m'holo ya mpikisano, ndiye ndikufotokozereni zimene mwana wanu amakumana nazo. Ife amene tinakula tikuonera bawo pansi pa mtengo tinazolowera kuti oonera amalankhula, amaseka, wina amatsokomola dala pofuna kuchenjeza mnzake. M'holo ya chess muli zii. Gemu yaitali, aliyense amapatsidwa mphindi 90, ndi masekondi 30 owonjezera pa kusuntha kulikonse, ndipo anthu awiri akhoza kukhala pampando maola anayi kapena asanu. Ukakhudza chidutswa, uyenera kuchisuntha. Foni ikalira m'thumba, wagonja. Palibe mphunzitsi, palibe mayi, palibe woti umuyang'ane kumaso kuti akupatse chizindikiro. Mipikisano yambiri imayenda mwa dongosolo lotchedwa Swiss: palibe wotuluka, koma raundi iliyonse umakumana ndi amene muli ndi mapointi ofanana. Ukapambana akupatsa wovuta, ukagonja akupatsa wofewerapo, ndipo ngati pali magemu awiri pa tsiku, mwana amene wagonja m'mawa ayenera kukhalanso pabolodi masana. Pakati pa magemu awiriwo pali kanthawi kochepa, mwina theka la ola loti mtima ubwerere m'malo. Zimene zimachitika mu theka la ola limeneli ndi zimene zimaumba wosewera kapena kumuthamangitsa.

Ndinaziona ndi maso anga. Pa mpikisano wina ndinakumana ndi kamnyamata ka zaka mwina 11, kamene mapazi ake sankafika pansi kakakhala pampando. Kanandivutitsa maola atatu. Kanaona zinthu zimene ine ndinaziona mochedwa, ndipo ndinapulumuka chifukwa choti kanafulumira pamapeto, n'kukankha poni imene inayenera kudikira. Titagwirana chanza ndinati ndikauze kuti kasewera gemu yabwino koposa m'holo monsemo. Sindinapeze mpata. Bambo ake anali ataima pakhomo, ndipo mawu oyamba amene ndinamva anali a ndalama ya basi imene awononga. Mwanayo anapinda pepala lake lolembapo gemu, naliponya m'bini. Masana anasewera ngati munthu wodwala malungo. Sindinamuonenso pa mpikisano wina uliwonse, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinawatsatire panja bambowo kukalankhula nawo. Sindikuwaweruza, ndalama ya basi ndi ndalama ndithu. Koma sanadziwe kuti zimene analipira zinali papepala lija, osati pa chikho.

Chaka china ndinagonja kwa mtsikana wa fomu 2. Atandigonjetsa anandifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, tingaibwereze? Pali pena sindinamvetse." Tinakhala pakhonde ndi kabolodi kake, mphunzitsi wake ataima pambali osalowerera. Iye wopambanayo ndiye ankafunafuna pamene analakwitsa. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ameneyu apita patali.

Mwambo umenewu, woti awiri amene amamenyana akhale pansi n'kuibwereza gemu limodzi, ndi wakale mu chess, ndipo ukuzilala. Akuluakulu a bawo amaudziwa. Gemu ikatha samwazikana msanga, amayamba atsutsana kuti nyumba inatayika pati. Kusiyana kwake n'koti ife tili ndi pepala. Lamulo limatikakamiza kulemba kusuntha kulikonse pa gemu yaitali, ndipo pepala limenelo ndi chuma. Ine ndili ndi katoni ya mapepala otere kunyumba. Amene ndinapambana ndi oyera bwino. Amene ndinagonja ndi akuda ndi zala, olembedwalembedwa m'mbali.

Ndikudziwa zimene achinyamata mukuganiza: bwanji osangoika gemuyo mu foni, injini ya Stockfish itiuze? Ndi zoona, injini imene ili m'foni yanu lero ndi yamphamvu kuposa Deep Blue imene inagonjetsa Kasparov mu 1997, ndipo ndi yaulere. Ndi dalitso lalikulu kwa mwana wa ku Mzimba kapena ku Nsanje amene alibe katswiri pafupi. Koma injini imakuuza kusuntha koyenera, siikuuza chifukwa chimene iwe sunakuone. Kodi unachita mantha? Unatopa? Unawerenga masitepe atatu n'kuima pomwe panafunika achinayi? Unamuderera mnzako chifukwa ndi wamng'ono? Mayankho amenewa ali mwa iwe, ndipo ukathamangira kufoni amathawa. Mphunzitsi wa Gukesh, Vishnu Prasanna, anamuletsa kugwiritsa ntchito injini kwa zaka, mpaka atakhala Grandmaster, udindo wapamwamba wa osewera chess. Pa nthawi imene anzake onse ankadalira kompyuta, iye ankawerenga ndi mutu wake. Sindikuti mutaye mafoni. Ndikuti muyambe inu, ndi bolodi ndi pensulo, mulembe zimene munkaganiza, kenako mufunse mnzanu, ndipo injini ibwere pomaliza ngati woweruza.

Chimodzimodzinso magemu a mphindi zitatu pa Lichess ndi Chess.com. Ndi okoma, inenso ndimasewera. Koma ukagonja umangodina batani, gemu ina yayamba, ululu uja wafufutika usanakuphunzitse kanthu. Munthu akhoza kusewera magemu 50 usiku umodzi n'kudzuka ali chimodzimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsopano funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri: kodi ana a ku India ali ndi ubongo wina? Ayi ndithu. Mu 1987 dziko lonse la India linalibe Grandmaster ndi mmodzi yemwe. Viswanathan Anand, wa ku Chennai, anakhala woyamba mu 1988. Lero aposa 80, ndipo gawo lalikulu ndi ochokera m'chigawo chake cha Tamil Nadu. Anand atataya ukatswiri wake wa dziko lonse kwa Carlsen mu 2013, masewerowo anachitikira ku Chennai komweko, ndipo Gukesh wa zaka 7 anapita kukaonera. Mwana wa mumzinda umenewo amakula akuona munthu wa kwawo, wolankhula chinenero chake, atafika pamwamba. Akafuna mpikisano, ulipo pafupi. Akagonja, pali mphunzitsi amene anagonjapo chimodzimodzi. Ndipo Anand mwiniwake, atakula, sanakhale patali n'kumadandaula za ana a masiku ano. Anatsegula sukulu ya chess mu 2020 n'kutenga Gukesh, Praggnanandhaa ndi anzawo kumawaphunzitsa. Mu Seputembala 2024 ku Budapest, India inatenga golide wa Olympiad mbali zonse ziwiri, amuna ndi akazi. Gukesh uja anagwira kumaso zaka ziwiri m'mbuyomo anali pa bolodi yoyamba.

Anzanga akuluakulu amene tinayamba kale, apa pali pathu. Mwana akatigonjetsa tisamathawire kunja ndi nkhope yakugwa. Tikhale naye pansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mu chess amene wakugonjetsa lero ndiye adzanyamule mbendera imene iwe unalephera kuifikitsa.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa. Msinkhu wokhalira Grandmaster ukutsikiratsikira. Bobby Fischer anakhala Grandmaster mu 1958 ali ndi zaka 15, dziko linadabwa. Judit Polgar anamuposa ndi kanthawi kochepa mu 1991. Sergey Karjakin mu 2002 anali ndi zaka 12 ndi miyezi 7, ndipo Abhimanyu Mishra wa ku America mu 2021 anali ndi zaka 12 ndi miyezi 4. Makolo akamva manambala amenewa amayang'ana mwana wawo wa zaka 13 ngati wachedwa kale. Koma mufunse mtengo wake. Bambo a Gukesh, dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi, anasiya ntchito kuti aziyenda ndi mwana wawo, banja n'kumadalira malipiro a mayi okha ndi thandizo la anzawo. Mwanayo anasiya kupita m'kalasi tsiku ndi tsiku ali ku pulayimale. Iwo zinawayendera. Mabanja ena amene anachita zomwezo n'kulephera sitiwamva, chifukwa nyuzipepala sizilemba za iwo. Ine sindingauze kholo lililonse muno kuti lichotse mwana pasukulu chifukwa cha chess. Ndipo onani kuti mwa ana amene anathyola mbiri ya msinkhu, si onse anadzakhala akatswiri a dziko lonse. Carlsen sanali wamng'ono koposa pamene anakhala Grandmaster ali ndi zaka 13 mu 2004, koma ndiye anadzalamulira chess zaka zoposa 10.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife chili tsidya la malire, ku Zambia. Amon Simutowe anakhala katswiri wa dziko la Zambia ali ndi zaka 14, akugonjetsa akuluakulu. Luso linalipo, lochuluka. Koma udindo wa Grandmaster anaulandira mu 2009, ali ndi zaka 27, woyamba kuchokera kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Chinamuchedwetsa n'chiyani? Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, amati munthu afike pa rating ya 2500, komanso asonyeze katatu, m'mipikisano ya magemu pafupifupi 9, kuti akhoza kusewera pa mlingo wa 2600, akukumana ndi ma Grandmaster ndi osewera a mayiko ena. Mwana wa ku Budapest akhoza kupeza mpikisano wotere atakwera basi. Simutowe anayenera kuwoloka nyanja, kufunafuna viza ndi tikiti, ndipo chiyeso chake chomaliza anakachikhoza ku Arnhem, ku Netherlands, mu 2007. Pakati pa zonsezo sanataye sukulu. Chess yomweyo inamutengera ku University of Texas at Dallas kukaphunzira. Kenny Solomon wa ku South Africa anadutsira khomo lina, popambana mpikisano wa Africa ku Windhoek mu 2014, ali ndi zaka za m'ma 30. Bassem Amin wa ku Egypt, woyamba mu Africa kudutsa 2700, ndi dokotala.

Ndiye kwa inu okonza mipikisano, pempho langa ndi limodzi. Mpikisano wa tsiku limodzi, wa mphindi 15 kapena 25, ndi wotchipa, holo mumalipira kamodzi, palibe wofuna malo ogona, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake timaukonda. Koma mwana amene wakulira pa magemu otere okha sanakhalepo mphindi 20 akuganizira kusuntha kumodzi. Sanalembepo gemu. Tsiku limene adzapite kunja n'kupatsidwa mphindi 90, adzasewera zonse m'mphindi 15 n'kugonja wotchi ili yodzaza. Ndawaona akuchita zimenezi. Ngakhale titachepetsa mphotho, tiyeni tikhale ndi mipikisano yaitali, yolembetsedwa ku FIDE, ya Loweruka ndi Lamlungu masabata awiri ngati malo ogona avuta. Ndipo pambali pa holo pakhale chipinda, kapena khonde chabe, ndi mabolodi anayi asanu, pomwe amene amaliza akhoza kukabwereza magemu awo mokweza mawu. Chipinda chimenecho sichifuna ndalama.

Ndisaiwale atsikana. Pa zaka 9 kapena 10 amabwera ambiri, ndipo nthawi zambiri amagonjetsa anyamata. Pofika zaka 14 aphwa ngati madzi a m'chithaphwi. Ukafufuza umapeza kuti si chess yawakanika. Ntchito zapakhomo zachuluka, ndipo makolo akuopa kutumiza mwana wamkazi kukagona kutali ndi gulu la amuna okhaokha. Manthawo ndi omveka, ndipo yankho lake ndi lathu okonza: pakhale mayi wodalirika woyenda nawo, malo ogona odziwika, ndi munthu woti mwana akamuuze china chikamuvuta. Vaishali, mchemwali wake wa Praggnanandhaa, ndi Grandmaster monga mlongo wakeyo, ndipo mayi awo ayenda nawo m'mipikisano kuyambira ali aang'ono. Divya Deshmukh anapambana World Cup ya amayi ku Batumi mu 2025 ali ndi zaka 19. Kumbuyo kwa aliyense wa amenewa kuli munthu wamkulu amene ankadikira panja pa holo maola asanu.

Makolo, mukakhala panja pamenepo ndipo mwana watuluka maso ali pansi, musafunse kuti "Wapambana?" Nkhope yakuuzani kale. Mupatseni madzi, mupatseni nthochi, mumusiye apume. Kenako mufunseni kuti akuonetseni gemuyo, ngakhale inu simudziwa kayendedwe ka hatchi. Akamakufotokozerani, amakhala akudzifotokozera yekha. Ndipo pepalalo mulisunge inu, mulilembe tsiku, muliike m'chikwama momwe mumasunga makadi a kusikelo.

Inu achinyamata, ndinapempha aphunzitsi anu kuti aliyense abwere ndi gemu imodzi imene anagonja. Ndaona ena mwabisa mapepalawo pansi pa mabolodi. Atulutseni. Kumbuyo uko kwaikidwa matebulo atatu, ine ndikhala pa lapakati, ndipo ndabwera ndi gemu yanga ija ya mtsikana wa fomu 2. Tiyamba ndi imeneyo, pa kusuntha kwa 23, pomwe ndinachotsa ruku pamzere wotseguka. Ndikufuna mundiuze chimene mukanasewera inu.